Gasi wa Pansi pa Nyanja ku Cabo Delgado: Mbiri ya Zaka Zodikira

Munthu akaima pa Muloza nayang'ana kuvuma, aona mapiri a ku Milange, minda ya chimanga ndi ya nandolo yosasiyana ndi yathu, ndiponso anthu olankhula monga ife. Malire alipo pamapu, koma mtsinje wa Muloza sunadulepo ubale. Ambiri a ife a ku Mulanje makolo athu anachokera kutsidya komweko kuyambira m'zaka za m'ma 1890, pothawa msonkho, chibalo ndi nkhanza za Apwitikizi. Pa nkhondo ya pachiweniweni imene inatha mu 1992, dziko la Malawi linasunga anthu a ku Mozambique okwana miliyoni imodzi. Motero nkhani za kumeneko si za alendo ai.

Mwezi uno tiyeni tione mbiri ya chuma china chimene chinapezeka m'dziko limenelo, kumpoto chakuvuma, m'chigawo cha Cabo Delgado. Chumacho ndi gasi wogona pansi pa nyanja yamchere ya Indian Ocean. Gasiyo anapezeka mu 2010, koma sitima yoyamba kumunyamula inanyamuka mu 2022. Kodi m'zaka 12 zodikirazo munachitika zotani? Funso limeneli n'lofunika, pakuti ndi m'zaka zotere, chuma chisanatuluke pansi, m'mene mtundu wa anthu usankha ngati chidzakhala dalitso kapena tsoka.

Moto wobisika m'thanthwe

Gasi ndi mpweya woyaka, wosaoneka ndi maso. Akatswiri a za miyala atiuza kuti anachokera ku tizilombo ndi tizomera timene tinafa kalekale, n'kukwiririka ndi matope ndi mchenga umene mitsinje inali kutaya m'nyanja. M'zaka mamiliyoni ambiri, kulemera kwa dothi ndi kutentha kwa pansi kunaphika zinthuzo mpaka zinasanduka mafuta ndi mpweya. Mpweyawo ukhala m'timipata ta mwala wamchenga monga madzi akhalira m'chinkhupule, ndipo pamwamba pake pali thanthwe lolimba louphimba ngati chivundikiro cha mphika. Gasi wa m'masilinda amene ena aphikira m'tauni ndi mbale wake, koma si yemweyo.

Malo amene tikunenawa ali pafupi ndi pamene mtsinje wa Rovuma, wolekanitsa Mozambique ndi Tanzania, uthira m'nyanja. Ngakhale kumeneko ubale wathu ulipo: madzi a m'nyanja ya Chiuta ku Machinga atsikira ku Amaramba, nalowa mu Lugenda, ndipo Lugenda athira mu Rovuma.

Pofunafuna gasi, sitima ikoka zingwe zazitali zokhala ndi makina omvera, n'kumaombera phokoso pansi pa madzi. Phokosolo likagunda miyala libwerera, ndipo makinawo ajambula m'mene miyalayo yasanjikizirana. Kenaka ibwera sitima yoboola. Igwira ntchito ngati makina okumba mjigo, kungoti chitsulo chake chiyenera kudutsa madzi akuya mamita 1,500 mwina 2,000 chisanakhudze n'komwe dothi. Tikumbukire kuti nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Ndiye kuti madzi okhawo afika magawo awiri mwa atatu a msinkhu umenewo. Chitsime chimodzi chotere chidya madola mamiliyoni makumimakumi, ndipo nthawi zina chipezeka chouma.

Gasi akapezeka, vuto litsala la kanyamulidwe, popeza mpweya suikidwa m'thumba. Ngati ogula ali pafupi, auyendetsa m'mapaipi. Akakhala kutali, auziziritsa kufikira madigiri 162 pansi pa pamene madzi aumira. Pamenepo usanduka wamadzimadzi, nuchepa kokwana ka 600, ndipo utha kuthiridwa m'sitima. Gasi wamadziyu ndiye atchedwa LNG. Fakitale yake ndi yodula koopsa, kotero kuti dziko losauka silingaimange lokha. Liyenera kuitana makampani akunja, ndipo apa m'pamene payambira nkhani ya mapangano.

M'mene anthu analowera m'nyanja

Kukumba pakati pa nyanja si kwakale kwambiri. Mu 1947, ku Gulf of Mexico, kampani ya Kerr-McGee inaboola chitsime cha mafuta pamalo pamene mtunda sunali kuoneka. Mu 1959 sitima yotchedwa Methane Pioneer inanyamula gasi wamadzi koyamba kuchoka ku America kupita ku England. Malonda enieni a gasi wotere anayambira mu Africa muno, ku Algeria, mu 1964, chaka chimene Malawi analandira ufulu. Mu 1965 nsanja yotchedwa Sea Gem inapeza gasi m'nyanja ya North Sea, koma mu Disembala chaka chomwecho inagwa n'kupha anthu 13. Kuyambira pachiyambi, chuma chimenechi chinali ndi mtengo wa magazi.

Dziko limene anthu alitama pa nkhaniyi ndi Norway. Linapeza mafuta m'nyanja mu 1969, ndipo mu 1990 linakhazikitsa lamulo la nkhokwe ya ndalama za mibadwo yam'tsogolo, monga Yosefe anasungira tirigu wa zaka zokolola zambiri ku Ejipito. Komatu tisaiwale kuti chumacho chinapeza dzikolo lili kale ndi makhoti odalirika, nyumba ya malamulo yamphamvu ndi anthu ophunzira. Nkhokwe inaliko chimanga chisanache.

Ku Mozambique gasi anayamba kupezeka pamtunda, ku Pande m'chigawo cha Inhambane, mu 1961, Apwitikizi akulamulira. Anagona pansi zaka zoposa 40 chifukwa cha nkhondo ziwiri ndi kusowa kwa ogula. Nkhondo yoyamba, yomenyera ufulu, inayambira ku Cabo Delgado komweko: anthu anaphedwa ku Mueda pa 16 Juni 1960, ndipo mfuti ya Frelimo inalira ku Chai pa 25 Seputembala 1964. Ufulu unadza mu 1975, nkhondo yachiwiri n'kutsatira, kufikira pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, limene Akatolika a gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira anathandiza kulumikiza. Mu 2004 kampani ya Sasol inayamba kupopa gasi wa ku Pande ndi Temane m'paipi ya makilomita 865 kupita ku Secunda ku South Africa. Gasi wambiri anatuluka m'dziko, ndipo amayi a m'midzi yozungulira anapitirira kuphikira nkhuni.

Uthenga wa mu 2010

Mu 2006 boma la Mozambique linapereka zigawo ziwiri za nyanja ya ku Rovuma kwa kampani ya Anadarko ya ku America ndi ya Eni ya ku Italy. Mu Febuluwale 2010 Anadarko inalengeza kuti yapeza gasi pa chitsime chotchedwa Windjammer. Mu Okutobala 2011 Eni nayo inapeza wochuluka pa Mamba, ndipo mu 2012 pa Coral. Atawerengera zonse, Mozambique anakhala wachitatu mu Africa pa kuchuluka kwa gasi, pambuyo pa Nigeria ndi Algeria.

Chigawo chimene chinalandira uthengawu chinali chimodzi mwa zosaukitsitsa m'dzikomo, kotero kuti ena anali kuchitcha Cabo Esquecido, ndiye kuti malo oiwalika. Mwadzidzidzi ku Pemba ndi ku Palma kunadzaza ndege, mahotela ndi alendo. Mnyamata wa kumudzi, msodzi mwana wa msodzi, anamva kuti dziko lake lalemera. Gasi anali akadali pansi pa nyanja, koma m'mitima ya anthu anali atayamba kale kuyaka. Zinthu zitatu zinatsatira.

Choyamba: kudya chimanga chisanamere

Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anakongola ndalama pafupifupi madola mabiliyoni awiri kudzera m'mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Anati n'zogulira mabwato ophera nsomba, zombo zolondera gombe ndi malo okonzerapo sitima. Nduna ya zachuma, a Manuel Chang, inasaina kuti boma lidzabweza, osapempha chilolezo cha nyumba ya malamulo. Okongola ndi okongoza onse anali kuwerengera ndalama za gasi amene anali asanatuluke.

Chinsinsicho chinaululika mu Epulo 2016. Bungwe la IMF ndi maiko othandiza anaimitsa chithandizo, ndalama ya metical inagwa, mitengo ya zakudya n'kukwera. Ofufuza a kampani ya Kroll anapeza mu 2017 kuti madola mamiliyoni 500 sanali kudziwika kumene anapita, ndipo mabwato aja anachita dzimbiri padoko la Maputo. Mlandu suola: mu Disembala 2022 khoti la ku Maputo linalamula anthu angapo kukakhala kundende, kuphatikizapo mwana wa pulezidenti wakale Armando Guebuza, ndipo a Chang anapezeka olakwa ku New York mu 2024. Koma mayi amene anakapeza chipatala chopanda mankhwala mu 2016, ndani anamubwezera? Esau anagulitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza, koma iye anagulitsa zake. Apa anthu ochepa anagulitsa ukulu wa ana a eni ake. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chachiwiri: malo

Kuti fakitale yoziziritsira gasi imangidwe pamtunda, boma linapatula mahekitala pafupifupi 7,000 ku Afungi, pafupi ndi Palma. Mu Juni 2019 makampani anatsimikiza ntchito ya madola mabiliyoni 20, ndalama zoposa chuma chonse chimene dziko la Mozambique linapanga m'chaka chimenecho. Chaka chomwecho gawo la Anadarko linagulidwa ndi kampani ya Total ya ku France. Mabanja oposa 500, ambiri a m'mudzi wa Quitupo, anayenera kusamuka, ndipo anawamangira mudzi watsopano wotchedwa Quitunda.

Tinene chilungamo: nyumba zatsopanozo zinali zanjerwa, ndipo chipukutamisozi chinaperekedwa. Koma munthu sadya khoma. Ambiri anadandaula kuti minda yolowa m'malo mwa yawo inachedwa kapena inali kutali, ndipo asodzi anatalikirana ndi madzi amene anali kuwadyetsa. Ntchito zabwino zinafuna masatifiketi amene sukulu za kumeneko sizinawapatse, motero zinapita kwa ochokera ku Maputo ndi kunja. Ife a ku Mulanje sitifunika kutanthauziridwa zimenezi. Chiyambire pamene Henry Brown anadzala tiyi ku Lauderdale mu 1891, makolo athu anadziwa tanthauzo la kukhala mlendo pa nthaka yobereka chuma, kulipira thangata, ndi kutchola masamba okamwedwa kutsidya la nyanja. Nkhani ya Naboti ndi munda wake wamphesa itikumbutsa kuti kwa munthu wosauka munda si katundu wamalonda chabe: ndi cholowa cha makolo.

Chachitatu: nkhondo

Pa 5 Okutobala 2017 anyamata okhala ndi zikwanje ndi mfuti anaukira polisi ku Mocímboa da Praia. Anthu anawatcha Al-Shabaab, ndipo mu 2019 gulu la Islamic State linayamba kunena kuti ndi ake. Mu Ogasiti 2020 analanda tauniyo ndi doko lake. Pa 24 Malichi 2021 analowa mu Palma, makilomita owerengeka kuchokera pampanda wa fakitale, napha anthu ambiri. Pa 26 Epulo Total inalengeza kuti yaimitsa ntchito. Mu Julayi chaka chomwecho kunabwera asilikali a ku Rwanda, ndiponso a maiko a SADC amene anakhalako mpaka 2024. Chiyambire 2017 anthu zikwizikwi afa, ndipo oposa miliyoni imodzi anathawapo m'midzi mwawo. Anthu wamba anadandaulanso za nkhanza za asilikali ena a boma.

Kungakhale kunama kunena kuti gasi yekha ndiye anabala nkhondoyi. Panali alaliki a chiphunzitso cha chidani, amene atsogoleri a Chisilamu a kumeneko anali atachenjeza kale boma za iwo. Panali kusakhulupirirana kwakale pakati pa mitundu ya m'mbali mwa nyanja ndi ya kumtunda. Panalinso mkwiyo wa okumba miyala ya rubi ku Montepuez amene anathamangitsidwa mu 2017. Ambiri mwa ophedwa ndi Asilamu, ndipo tisalole wina atiuze kuti ndi nkhondo ya Asilamu ndi Akhristu. Koma moto upita kumene kwatsala tchire. Mnyamata wopanda sukulu, wopanda ntchito, woona chuma chikudutsa pakhomo pake, savuta kum'nyenga.

Eklezia pakati pa othawa

M'masiku amenewo nkhani za ku Cabo Delgado zinali kubisidwa, ndipo atolankhani ena anamangidwa. Amene sanaleke kulankhula ndi Ambuye Luiz Fernando Lisboa, episkopi wa Pemba kuyambira 2013 mpaka 2021, wochokera ku Brazil. Anauza dziko lonse za midzi yotenthedwa, nafunsa poyera kuti chuma cha chigawocho chikupindulira yani. Ananyozedwa ndi kuopsezedwa. Papa Francis, amene anacheza ku Mozambique mu Seputembala 2019, anatchula Cabo Delgado mu uthenga wa Pasaka wa 2020, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anaimbira lamya episkopiyo kum'limbitsa mtima. Tchalitchi cha mishoni yakale ya Nangololo chinaonongedwa mu 2020. Mu Seputembala 2022 Sisitere Maria De Coppi wa chipani cha Comboni, amene anatumikira m'dzikomo pafupifupi zaka 60, anaomberedwa pa mishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula. Ku Pemba mabanja osauka, Achikhristu ndi Achisilamu omwe, analandira othawa makumi awiri kapena atatu m'nyumba imodzi, monga makolo athu anachitira kuno m'zaka za m'ma 1980.

Fakitale yosaponda dothi

Nanga gasi wa mu 2022 anatuluka bwanji nkhondo ili m'kati? Kampani ya Eni inasankha mu 2017 kumanga fakitale yoyandama. Chombocho, chotchedwa Coral Sul, anachipanga ku Geoje ku South Korea. Kutalika kwake ndi mamita 432, kuposa mabwalo anayi a mpira wamiyendo, ndipo kulemera kwake ndi matani 220,000. Chinafika mu Januwale 2022, nachimangirira ndi maunyolo pamadzi akuya mamita 2,000. Chikoka gasi m'zitsime zisanu ndi chimodzi za pansi pa nyanja, chimuziziritsa pomwepo, n'kumuthira m'sitima zina. Chingathe kutulutsa matani mamiliyoni 3.4 pachaka, ndipo yense anagulidwiratu ndi kampani ya BP kwa zaka 20. Sitima yoyamba inanyamuka pa 13 Novembala 2022.

Nzeru za anthu amene anapanga chombo chotere n'zoyamikika, pakuti nzeru ndi mphatso ya Mulungu. Koma taonani chodabwitsa: gasi woyamba wa ku Cabo Delgado anakafika kumsika chifukwa chakuti sanaponde konse dothi la Cabo Delgado. Ntchito inatheka polambalala anthu. Msonkho ulowadi m'thumba la boma, ndipo lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2024 linakhazikitsa nkhokwe yosungamo magawo 40 mwa 100 a ndalama za gasi m'zaka 15 zoyamba. Ndi chinthu chabwino, ngakhale nkhokweyo inamangidwa akuba atadutsa kale. Mu Okutobala 2025 Eni inatsimikiza zomanga chombo chachiwiri, Coral Norte, ndipo TotalEnergies, dzina latsopano la Total, inalengeza kuti ichotsa chiletso pa ntchito ya ku Afungi.

Palinso funso la nyengo. Gasi atulutsa utsi wochepa poyerekeza ndi malasha, komabe awonjezera kutentha kwa dziko lapansi. Namondwe Kenneth anakantha Cabo Delgado mu Epulo 2019, ndipo ife sitidzaiwala matope ndi miyala imene Freddy anatsitsa m'phiri mu Malichi 2023. Atsogoleri a ku Mozambique ayankha kuti maiko olemera anakula ndi moto womwewu, ndipo si chilungamo kuletsa wosauka kuotha. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Koma ngati dziko lilola chiopsezo chotere m'dzina la osauka, phindu lake lifikedi kwa osaukawo.

Zaka zathu zodikira

Owerenga okondedwa, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nafenso tili m'zaka zodikira. Mu 1924 Frank Dixey anapeza miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, pamwamba pa phiri lathu ku Lichenya, ndipo zaka 100 zapita anthu akubwera ndi mapulani oikumba. Mu 2011 boma linapereka chilolezo kwa kampani ya Surestream chofufuza mafuta m'Nyanja ya Malawi, ndipo mafuta asanaoneke, mkangano wa malire ndi Tanzania unabukanso mu 2012. Phiri la Mulanje, limene bungwe la UNESCO linalilemba mu Julayi 2025 m'kaundula wa malo ofunika kwa anthu onse a padziko, ndilo limwetsa Ruo, Thuchila, Lichenya ndi Likhubula. Chimene chidzagamulidwe pa za ilo chidzakhudza mtsuko wa mayi aliyense.

Eklezia sadana ndi chitukuko. Aphunzitsa kuti Mulungu anapereka dziko ndi zonse zili m'menemo kwa anthu onse. Papa Paul VI, m'kalata yake ya Populorum Progressio ya mu 1967, anatsindika kuti chitukuko choona chikweza munthu wathunthu ndi anthu onse, ndipo Papa Francis mu Laudato Si' ya mu 2015 analumikiza kulira kwa chilengedwe ndi kulira kwa amphawi. Aepiskopi athu mu Malichi 1992 anationetsa kuti kunena zoona pa nthawi yake kutha kusintha dziko popanda mfuti.

Tsono mbiri ya ku Cabo Delgado itisiyira mafunso oti tiwatengere kumiphakati, ku Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere m'maparishi mwathu, kwa mafumu ndi kwa aphungu. Kodi pangano limene boma lisaina ndi kampani, anthu aloledwa kuliwerenga? Kodi pali ngongole imene yatengedwa powerengera chuma chosakumbidwa, ndipo nyumba ya malamulo inavomereza? Amene adzasamutsidwe afunsidwa nthawi ikalipo, m'chilankhulo chawo, amayi alipo? Munda wolowa m'malo mwa wawo auona ndi maso asanagwetse nyumba? Nanga ana athu tikuwaphunzitsa kuti adzakhale amisiri ndi owerengera chuma, kapena adzangokhala alonda pachipata? Ndipo mnansi wathu wachipembedzo china tikhala naye bwanji lero, kuti wofesa chidani asadzapeze mpata mawa?

Mafunso otere afunsidwa makina asanafike, pakuti akafika, phokoso lawo limeza mawu a munthu wamba. Gasi wa ku Rovuma anagona mwamtendere zaka mamiliyoni, ndipo sanalakwire munthu. Zimene zinaononga m'zaka 12 zija zinachokera m'mitima: dyera, chinsinsi, ndi kuiwala mnzako. Tiwapempherere abale athu a ku Cabo Delgado kuti abwerere kumidzi kwawo nadye za m'nyanja yawo mwamtendere. Ndipo ife Mulungu atipatse nzeru zomanga nkhokwe ya chilungamo chimanga chathu chisanache.